Zanobi, Miyendo ya Mfumu

Mlamu wanga Zanobi anabadwa motsogoza miyendo, ndipo azamba a muno mu Castelvarro ankalumbira kuti miyendoyo itatuluka Lachiwiri, mutu anaudikira mpaka Lachinayi. Utafika, onse anagwirizana kuti sunali wofunika kuudikira. Ine sindinalipo, koma munthuyu ndadya naye mbale imodzi zaka zoposa makumi atatu, ndipo sindinapezepo chifukwa chowatsutsira azambawo.

Bambo ake anali oponda mphesa, agogo ake oponda mphesa, nayenso anakulira m'migolo ya amonke, kupondaponda kuyambira m'mawa mpaka belu la madzulo. Ntchito imeneyi siifuna nzeru, imafuna akatumba a m'miyendo basi, ndipo akatumba a Zanobi anali ngati mikate iwiri yongophulidwa kumene mu uvuni. Akamadutsa pachitsime, ndowa zinkagwera m'madzi zokha. Wansembe wathu anachita kumuletsa kugwada kutsogolo m'tchalitchi, poti amayi a mzere wachiwiri ankayankha "Ameni" pamalo olakwika. Mlongo wanga Orsolina atanena kuti akwatiwa naye, ndinamukokera pambali.

"Mlongo wanga, pansipo wapaona, tonse tapaona. Koma kumtundako wayang'anako?"

"Achimwene, kuganiza ndiziganiza ndine," anatero. "Iye aziyenda."

Nthawi imeneyo n'kuti Mfumu Galeotto atangolowa kumene ufumu. Nkhope anali nayo, ya mphuno yokhota ngati mlomo wa kabawi, yoopsa ndithu. Koma m'munsimu Mulungu anamumana. Miyendo yake inali mabango awiri, ndipo kumapeto kwa bango lililonse kunali phazi lotupa ndi nyamakazi ngati dzungu. Pagulu ankakhala kuseri kwa tebulo loyalidwa nsalu yofika pansi, ndipo akakwera hatchi ankavala nsapato zofika m'ntchafu zopakiramo ubweya. Tsono mfumu yopanda akatumba angaiope ndani? Adani akaona chithunzi cha miyendo yotere, mawa lake ali pachipata ndi makwerero.

Wojambula wa kunyumba yachifumu, a Fioravante, mkulu wa maso ofiira ndi pakamwa posasunga kanthu, ndi amene anamupeza Zanobi ali mumgolo, malaya atakwinyira m'chiuno. Munthu wamkulu sangaime masabata asanu ndi limodzi atavala zitsulo kuti amujambule. Amakhala pampando kawiri kapena katatu, wojambula n'kutenga nkhope, zotsalazo amamuimirira wina. Zimenezi aliyense amazidziwa ndipo palibe amazinena. A Fioravante anazungulira mgolowo katatu, anapsompsona nsonga za zala zawo, kenako anati, "Mwanawe, tsuka mapazi unditsate. Mutuwo ukhoza kuusiya konkuno."

Kuyambira tsiku limenelo, m'chaka cha Ambuye cha 1502, mlamu wanga anakhala Mfumu Galeotto kuchokera m'khosi kutsika. Zaka makumi awiri ndi chimodzi! Zithunzi khumi ndi zinayi zinapita ku Milano, ku Ferrara, ku Napoli, ngakhale kuseri kwa mapiri kumene anthu amadya batala ndi supuni, ndipo konseko akazi a mafumu ankausa moyo poyang'ana miyendo ya mwana wa woponda mphesa. Chaka china njuchi inamuluma pa katumba, pangano lathu ndi a ku Genova linaima masabata awiri kudikira kuti chotupa chiphwe, ndipo amonke anaimba misa zitatu zopempherera thanzi la ufumu.

Anamuikira malamulo. M'mawa uliwonse akwere nsanja ya belu kasanu kuti akatumba asafote. Asagwire khasu, nkhwangwa, chingwe kapena chilichonse chotulutsa matuza, poti manja nawonso ndi a mfumu, iye wangowasungira. Aziwaviika m'mafuta a maolivi. Akadzapezeka ndi chipsera kapena banga, ntchito yatha. Ndipo panali msilikali wina wapachipata, wa miyendo yosachititsa manyazi, amene ankadikira tsiku limenelo ngati galu pakhomo la butchala.

Munthu wanzeru akanadya buledi wakeyo mwakachetechete. Mlamu wanga anayamba kudzitchula kuti "ife". Abwera pamalo panga pogulitsira vinyo, aima pakhomo, mwendo umodzi kutsogolo, dzanja m'chiuno, kudikira kuti tonse timuone.

"Alamu, ife lero tatopa. Takhala tikulandira akazembe."

"Mwawalandira bwanji, alamu?"

"Taima ndi lupanga kuyambira m'mawa."

"Akazembewo anabwera?"

"Adzaona chithunzi."

Anthu ankamutcha Ambuye a M'munsi, iye n'kumavula chipewa kuthokoza. Choseketsa n'chakuti ena kunyumba yachifumu anayamba kumukhulupirira. Munthu wovala malaya a mfumu tsiku lonse, ankatero, sangalephere kudziwako za mumtima mwa mfumu. Ngati kuti maganizo amatsalira m'kolala ngati nsabwe.

Akuluakulu athu makalata amalemba, koma m'kalata mumakhala ulemu wokhawokha. Zoona amaziika m'chithunzi. Galu akakhala maso pafupi ndi mwendo, ndiye kuti pangano tisunga. Galu akagona, samalani. Lupanga lili m'chimake pakhoma ndi mtendere, koma chala chikangokhudza chigwiriro, yambani kumata malinga. Chithunzi chikafika, amuna a ndevu zoyera, ophunzira Chilatini mpaka kuiwala mayina a ana awo, amachizinga ndi magalasi okulitsira zinthu, kuwerenga masamba a duwa, kukangana ngati ndimu ili pazenera yasendedwa theka kapena yonse. Ife ndi a ku Pietrafonda, mzinda wa kutsidya kwa mtsinje, tinakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi osayankhulana chifukwa mphaka wa pachithunzi china anali atatsinzina diso limodzi. Pambuyo pake zinadziwika kuti mphakayo anali wa diso limodzi chibadwire. Palibe anapepesa.

Tsoka la mlamu wanga linadza m'chaka chomaliza cha ntchito yakeyo. Mfumu, mkazi wake atamwalira, inafuna kukwatira Violante, mwana wa mfumu ya ku Pietrafonda, kuti mkangano wa mlatho wa pamtsinje, umene unayamba agogo athu akukwawa, uthe. Mlembi wamkulu, a Ansaldo, munthu wowonda wosaseka amene ankatha kupeza chiwembu m'mbale ya nyemba, anakhala masabata atatu akukonza za chithunzi cha chitomero. Galu akhale maso. Duwa lofiira patebulo. Lupanga pakhoma. Ndipo chachikulu pa zonse: golovesi la kudzanja lamanja livulidwe, dzanjalo litambasulidwe poyera, monga amachitira munthu wopempha mkazi wofanana naye. Dzanja lamanzere mfumu imapereka kwa mkazi wapansi, amene ana ake sadzalowa ufumu. Izi anawafotokozera a Fioravante kasanu ndi kawiri, kenako anakwera bulu wawo kupita ku Pietrafonda kukakonza mapangano ndi kudikira chithunzicho komweko.

Inali nyengo yogwetsa mtedza wa m'mitengo, uja wa makoko obiriwira amene madzi ake amadetsa khungu. Orsolina anali ndi mitengo itatu kuseri kwa nyumba, ndipo chaka chimenecho anali atabinya mkono pogwa pamakwerero. Madengu asanu ali pabwalo odzaza, mwamuna wake ali pampando, manja ali m'mafuta.

"Bambo a Checco, tandithandizani kusenda."

"Mayi, manja awa si athu. Ndi a mfumu."

"Ndi a mfumu? Nanga akamalowa m'mbale mwangamu katatu patsiku amakhala a yani? Mfumu yanuyo izikadya kwawo. Sendani, apo ayi lero manja a mfumu asala kudya pamodzi ndi mimba ya mfumu."

Zanobi ankaopa zinthu ziwiri pa dziko lapansi, njala ndi Orsolina, ndipo apa zinamubwerera pamodzi. Anakulunga kansalu kudzanja lamanja, lamanzere analibisa kumsana kuti lipulumuke, n'kusenda madengu onse asanu pokanikiza mtedzawo pamwala. Pomasula kansaluko, dzanja lili bii, ngati walipisa m'chumuni cha ku gehena.

Anathamangira kwa ine. Tinayesa ndimu, phulusa, vinyo wosasa, mchenga, sopo wa ku Venezia. Ndinamuuza kuti mkodzo wa bulu wamkazi umachotsa, ndipo anakhala tsiku lonse akulondola bulu wa kuchigayo ndi kambale. Izi ndinanena pongofuna kuona ngati angachite. Dzanja linangowonjezera fungo. Banga la mtedza umenewu limachoka lokha pakatha miyezi iwiri, ndipo iye ankayenera kukaima Lolemba.

Akanangowaonetsa a Fioravante, akanalijambula loyera, utoto woyera sunasowe. Koma a Fioravante akadziwa kanthu m'mawa, pofika masana ngakhale nkhunda za padenga la tchalitchi zimakhala zikukambirana, ndipo msilikali wapachipata uja akanayamba kuyesa masokosi a mfumu. Choncho mlamu wanga anaganiza. Kanali koyamba.

Lolemba analowa m'chipinda chojambuliramo atavala kale magolovesi onse awiri. Anaima pamalo pake, anavula lamanzere, n'kutambasula dzanja lamanzerelo.

"Linalo, chitsiru iwe," anatero a Fioravante. "Lamanja."

"Zasintha, bambo."

"Wasintha ndani?"

Zanobi anayang'ana kudenga, anayang'ana kuchitseko, n'kutsitsa mawu. "Eni ake. Tinakumana pamakwerero. Ati lamanja likhale lovala, ndipo pasakhale wofunsa."

A Fioravante anakhala pansi, burashi ili m'kamwa. Tanthauzo lake ankalidziwa bwino lomwe. Koma kunyumba yachifumu munthu safunsa mfumu kuti, "Kodi munanenadi?" Ukafunsa ndiye kuti sunamvetse nzeru zake zakuya, ndipo wosamvetsa nzeru zakuya amakathera kojambula mitu ya nkhumba pamakomo a mabutchala. Anangoti, "Haa! Nkhalamba yochenjera!" n'kuyamba kusakaniza utoto. Golovesi limenelo analijambula mokongola kuposa chilichonse chimene anajambulapo, msoko uliwonse ukuoneka.

Chithunzi chitatha, mfumu inabwera kudzachiona, amuna anayi ataisenza pampando. Inayang'ana nkhope, inati mphuno aichepetseko. Inayang'ana miyendo nthawi yaitali, ikumwetulira ngati mayi woona mwana wake akuyamba kuyenda. Pakati pa chibwano ndi mawondo sinayang'anepo. Nduna khumi ndi ziwiri zinali pomwepo, ndipo zonse zinaliona golovesilo. Iliyonse inaganiza kuti zinzake zinauzidwa chinsinsi, yokhayo ndiyo inatsala, ndiye zonse zinagwedeza mitu mwanzeru, zina mpaka kutsinzinirana. Chithunzi chinakulungidwa, chinakwezedwa pangolo, chinawoloka mlatho wa mkangano uja.

Za ku Pietrafonda ndinamva kwa woyendetsa ngoloyo. Akuti atachivundukula, mtsikana Violante anayambira kuyang'ana m'munsi mwa chithunzicho, pamiyendo, n'kunena kuti, "Bambo, ndavomera." Koma amuna a ndevu zoyera anali atafika kale padzanja. Mmodzi anakomoka. Wina anang'amba mkanjo wake, wina anathamangira kukatseka zipata. Dzanja lamanzere, kwa mwana wa mfumu ya Pietrafonda, amene makolo ake anali ndi nsanja pamene makolo a Galeotto ankaweta nkhumba! A Ansaldo, amene anaima pambali ndi mawu awo okonzakonza a Chilatini, anatuwa ngati tchizi, ndipo akuti bulu wawo anabwerera ku Castelvarro ziboda zosagunda pansi.

Patapita masiku anayi kazembe wa ku Pietrafonda anafika, chithunzi chili pambuyo pangolo, ndi mawu awiri okha. Ngati golovesi linali lamulo la mfumu, ukwati palibe, ndipo za mlatho tikaonana pomwepo. Ngati kunali kulakwa kwa wantchito, amubweretse wantchitoyo, dzanja lolakwalo lidulidwe iye akuona, ukwati upitirire.

A Ansaldo sanavutike. Anangowayang'ana a Fioravante, a Fioravante n'kuulula zonse, kuphatikizapo machimo a ubwana wawo. Zanobi anamugwira ali pamwamba pa nsanja ya belu, ulendo wachitatu, n'kukamutsekera m'kachipinda ka pansi pa khitchini. Lamulo lathu ndi lomveka: wonamizira mawu a mfumu, dzanja lamanja pachipika. Wodula manja, amene masiku ena onse amameta nkhosa, anayamba kunola nkhwangwa pabwalo, mwadala, pafupi ndi kazenera ka kachipindako.

Ine ndi Orsolina tinapita kukamuona m'mawa wa tsiku la mlandu. Tinamupeza atakhala paudzu, dzanja lakudalo ataligoneka pamiyendo ngati mwana wodwala, akulisisita.

"Alamu," anatero, misozi ili mbwe mbwe mbwe, "supuni ndizigwira ndi chiyani?"

Taonani munthu. Sanafunse za ana, sanafunse za mkazi. Supuni.

"Musadandaule, alamu," ndinamulimbitsa mtima. "Ndikusemerani yomangirira kuchala chakuphazi. Luso lanu lili kumeneko kale."

Analira mokweza mpaka ophika pamwambapo anagogoda pansi kuti achepetse. Orsolina sanalire. Olakwa kwathu kuno amakaonekera pamaso pa mfumu atavala chiguduli chofika kumapazi, ndipo mlonda anali atamuponyera kale chake. Mlongo wanga anachitola, anachipinda, anachikhalira, n'kutulutsa m'dengu, pansi pa buledi, kamalaya kafupi ndi masokosi ofiira ofika m'chiuno, othina kwambiri, amene mwamuna wakeyo anavala pa tsiku la ukwati wawo.

"Valani izi."

"Mayi, ndikadulidwe ngati wopita kugule?"

"Valani. Ndipo mukalowa musakagwade. Chithunzi chikakhala pamenepo. Mukaime pafupi nacho, mmene mumaimira muja, mwendo kutsogolo, dzanja m'chiuno. Pakamwa mukatseke. Mukakangoti 'ife', dzanja linalo ndidula ndine."

Mlonda anafuna kuletsa, koma mlondayo ankamwa kwa ine ndipo mkazi wake sankadziwa kuchuluka kwake. Ndinangomufunsa za thanzi la mayi akunyumba, iye n'kupeza chinachake chofunika kuyang'ana pakhoma.

Ndinalowa m'holo yaikulu ndi mitsuko ya vinyo, poti ngakhale podula munthu dzanja akuluakulu amamva ludzu. Mfumu inali kuseri kwa tebulo lake la nsalu yofika pansi. Kazembe, kamunthu kakafupi ka maso ngati a khoswe, anakhala moyang'anana nayo, galasi lake lokulitsira zinthu likulendewera pakhosi. Chithunzi anachiimika pakati. Chipika chinali pakona, wometa nkhosa ali chilili pambali pake.

A Ansaldo anayankhula nthawi yokwana kupsa nyemba zouma, za chikondi cha mizinda iwiri, za njoka yobisala m'nyumba ya mfumu yabwino, kenako anakweza mkono. "Lowetsani wolakwayo!"

Analowa mlamu wanga, masokosi ali psuu. Zaka makumi awiri ndi chimodzi si masewera: miyendo itangofika pafupi ndi chithunzi inaima yokha, mwini wake asanaiuze. Mwendo kutsogolo. Dzanja m'chiuno. 

Panali miyendo inayi pamenepo, iwiri ya utoto, iwiri ya mnofu, ndipo ngakhale mayi wobereka sakanaisiyanitsa. Kazembe anaimirira pang'onopang'ono. Anaika galasi padiso. Anayang'ana katumba wa pachithunzi, anayang'ana wa Zanobi, anabwereranso. Anagwada kuti aone kafupa kotulukira pang'ono pabondo lamanzere, kamene akatswiri ena analembapo kuti n'chizindikiro cha magazi achifumu. Kanali pomwepo, m'sokosi la mwana wa woponda mphesa. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana nsalu ya patebulo la mfumu, pansi penipeni, pomwe nsonga ya phazi lokulungidwa m'zigamba inkasuzumira. Phazilo linabwerera m'kati ngati mutu wa kamba.

"Ambuye," anatero kazembe, mawu ali okoma ngati uchi, "ndithandizeni kumvetsa, ndikafotokoze bwino kwathu. Munthu uyu mwati ndi wantchito. Nanga dzanja la wantchito linalowa bwanji m'chithunzi cha mfumu? Ndipo ngati dzanja ndi lake, n'chiyaninso china pamenepa chimene chili chake? Ndikufunsa chifukwa mwana wathu wamkazi anavomera atayang'ana mbali inayake."

A Ansaldo anayamba kusanthula mapepala awo a Chilatini. Funso limeneli anali asanaliganizirepo. Nkhope ya mfumu inafiira, inatuwa, inafiiranso. Mbali imodzi kunali mkazi, mlatho ndi mtendere. Mbali inayo kunali zithunzi khumi ndi zinayi zopachikidwa m'nyumba za mafumu anzake, ndi phwete limene likanayambira ku Pietrafonda mpaka kukafika ku Napoli. Sinaganize nthawi yaitali.

"Munthu uyu sindikumudziwa," inatero. "Ansaldo, wanditolera kuti woponda mphesa ameneyu? Dzanja ndi langa. Golovesi ndi langa. Ndinalamula ndine, ndipo amene ali ndi maso awerenge."

Nduna khumi ndi ziwiri zija zinawomba m'manja, iliyonse ikuuza inzake kuti inadziwa kuyambira pachiyambi. Kazembe ankadziwa, mfumu inkadziwa kuti akudziwa, koma chimene mfumu yanena pagulu ndicho chimalembedwa, zotsalazo ndi miseche ya m'khitchini. Anawerama, anayang'ananso akatumba a Zanobi komaliza, mwaulemu ndithu, n'kutuluka. Wometa nkhosa anakoleka nkhwangwa paphewa akung'ung'udza kuti wanola pachabe. Mlamu wanga anaimabe chomwecho, mwendo kutsogolo, mpaka Orsolina anachita kudzamukoka khutu, poti palibe anamuuza kuti apume.

Ukwati unathera pomwepo. Nkhondo ya pamlatho inatenga chilimwe chonse. Kunapsa zigayo ziwiri, minda ya tirigu ya anthu amene sanavalepo golovesi chibadwire inapondedwa ndi mahatchi, ndipo mlathowo unagwa wokha ndi madzi osefukira chaka chotsatira, mbali iliyonse n'kuimba mabelu kuti yapambana. Violante anakwatiwa ndi munthu wa ku Mantova amene anabwera yekha ndi miyendo yake.

Dzanja la Zanobi linatsala pamkono, n'kuyera pakutha pa mwezi. Kumulanga sakanatha, poti munthu wosadziwika sangailakwire mfumu. Koma Loweruka lomwelo a Ansaldo anafika kunyumba ndi pepala la chidindo: Zanobi asamukire kumunda wa mkazi wake kuphiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpaka kumanda azivala mkanjo wofika mu akakolo, kutenthe, kuzizire, pantchito ndi m'tchalitchi momwe. Akadzaonetsa bondo pagulu, adzamudula mwendo. Zithunzi zonse za mfumu kuchokera pamenepo zinkalekezera pachifuwa, ndipo mafumu oyandikana nafe anatengera, ati n'kachitidwe katsopano kosonyeza kuti wolamulira amalamulira ndi mutu. Msilikali wapachipata anakalamba akudikirabe.

Ndinkayesa kuti mlamu wanga athokoza Mulungu ndi mkazi wake. Analira sabata yathunthu chifukwa cha mkanjowo, kuposa mmene analirira dzanja.

"Mayi, bola akanangodula," ankatero. "Dzanja ndili nalo lina."

"Pepala la a Ansaldo likadalipo," ankayankha Orsolina. "Tsikirani kumsika mukakweze mkanjo, akuduleni chomwe mukufuna."

Sanatsike. Anakhala kuphiri zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akuweta atsekwe, akupunthwa pa mkanjo wake womwe, ndipo apaulendo ankamuyesa mmonke wothawa n'kumamupempha madalitso. Ankawadalitsa.

Chaka chomwe anamwalira anatsika kudzandiona. Pamalo panga panali mlendo, mphunzitsi wa ku Padova, amene anabwera kudzaona chithunzi chija, poti tsopano chinapachikidwa m'holo ndipo anthu amachita kuchokera kutali. Mphunzitsiyo anatifotokozera ife mbuli kuti golovesilo lili ndi matanthauzo asanu ndi awiri: loyamba la ndale, lachiwiri la nyenyezi, lachitatu la Utatu Woyera, enawo anandidutsa chifukwa ndinkatsuka makapu. Anati misoko yake ilipo makumi atatu ndi itatu, zaka za Ambuye wathu pansi pano, ndipo munthu amene anaganiza zimenezi anali ndi nzeru zosaoneka kawiri m'zaka zana.

Ndinayang'ana mlamu wanga kuti tiseke. Sanaseke. Anali atatsamira patebulo, akugwedeza mutu pang'onopang'ono, m'maso muli misozi.

"Asanu ndi awiri okha, aphunzitsi?" anatero. "Mukayang'anenso bwino. Alipo asanu ndi anayi."

Mphunzitsiyo anatulutsa nthenga yolembera ndi inki, anakokera mpando pafupi, ndipo anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, wina akunena, wina akulemba. Buku lake ndamva kuti analisindikiza ku Venezia, ndipo ana a mafumu amakwapulidwa akalephera kuloweza onse asanu ndi anayi.